Duwa lachitsulo ndi ndolo zamasamba zosula pamanja: muziyang'ana pakhosi ndi kuseri

Pa msika wa pa intaneti wa Etsy, pa Facebook ndi m'misika ya zaluso mwadzaza maluwa a rozi achitsulo, zokolekapo zovala zooneka ngati tsamba, ndolo zamkuwa ndi zibangili zopotana ngati nyemba zoyanga pa phesi la chimanga. Ogulitsa onse amalemba kuti n'zosula pamanja. Zina n'zosuladi, ndipo mtengo wake wokwerawo ndi woyenera. Zochuluka ndi malata odula ndi makina, owotcherera pa waya, kenaka munthu n'kuwagogodagogoda ndi nyundo yamutu wobulungira kuti azioneka ngati adadutsa pachipala. Zipsera za nyundozo n'zimene zimakopa ogula, koma ngakhale mwana wasukulu akhoza kuziika pa lata m'mphindi zisanu. Umboni wa ntchito uli pakhosi pa tsamba, pansi pa duwa pomwe lakumana ndi phesi, ndi kuseri komwe wojambula chithunzi sakonda kuonetsa.

Tiyambe ndi chitsulo chake. Ambiri amalemba kuti wrought iron, koma chitsulo chakale chija, chokhala ndi ulusi m'kati ngati mtengo, mafakitale a ku Britain adasiya kuchipanga m'zaka za m'ma 1970. Chimene mukugula lero ndi mild steel, mtundu womwewu wa ma R6 ndi ma R8 amene omanga nyumba amapindira maring'i. Palibe vuto pamenepo: carbon wake ndi wochepa, safika 0.3 pa 100, choncho chimamvera nyundo ndipo sichithetheka mukachiviika m'madzi. Vuto limabwera ndi zitsulo zotola. Ma Y10 ndi ma Y12 amizeremizere aja carbon wake sadziwika, mbali ina yofewa ina yolimba, ndipo chitsulo cha sipuling'i ya galimoto, chomwe osula nkhwangwa ndi zikwanje amachikonda, n'cholimba mopitirira pa ntchito ya tsamba. Chikazizira mwadzidzidzi chimaphwanyika ngati galasi chikagwa pasimenti.

Tsamba

Tsamba losuladi limachokera ku chitsulo chimodzi, chobulungira kapena chambali zinayi, cha mamilimita 10 kapena 12. Wosula amachiika pamakala mpaka chifike pa mtundu wa lalanje lopsa kupita ku chikasu, komwe ndi madigiri 1,000 mpaka 1,100, n'kusongola nsonga yaifupi ngati ya pensulo. Kenaka amabwerera m'mbuyo mamilimita 25 kapena 30, n'kugoneka chitsulocho m'mphepete mwa chosulirapo ndi kumenya mbali ziwiri zoyandikana kuti khosi lituluke. Kutsogolo kumatsala kamutu konga mphukira. Kamutuko amakatambasula ndi mbali yopyapyala ya nyundo, kuyambira pakati kupita kumanja, n'kubwereranso pakati kupita kumanzere, mpaka chitsulo cha mamilimita 12 chija chitafika 30 kapena 35 m'lifupi. Phesi amalikoka pambuyo pake, kuchokera pakhosi paja.

Ntchito imeneyi imasiya zizindikiro zomwe makina sangabere. Tsinani tsambalo ndi zala ziwiri n'kuziyendetsa kuchokera pakati kupita kumphepete: pakati n'ponenepa, mwina mamilimita 3, kumphepete n'kopyapyala osafika milimita imodzi. Phesi limatuluka m'tsamba momwemo popanda msoko, ngati mmene mchira umatulukira pa buluzi. Lodula ndi makina n'lofanana kunenepa paliponse, m'mphepete mwake muli timizere toimirira tosiyidwa ndi makina odulira a laser kapena plasma, ndipo mukalitembenuza mupeza kachotupa ka welding pomwe phesi adalimatira.

Koma losuladi nalonso limalakwika, ndipo limalakwika pakhosi. Khosi n'lowonda, limazizira msanga kuposa mbali zina. Wosula akapitiriza kukoka phesi khosi litada kale, kamutu kaja kamagwedezeka ndi nyundo iliyonse ndipo mng'alu umayamba. Chinanso, chosulirapo chikakhala chakuthwa m'mphepete, monga zimakhalira ndi chidutswa cha njanji chomwe sanachisalaze, chimadula kamzere m'chitsulo, ndiye pomenya chitsulocho chimapindikira pa kamzereko n'kukabisa osagwirana. Kunja kumangooneka kamzere kakuda kowonda ngati tsitsi, kodutsa chopingasa. Chokolekapo zovala chokhala ndi kamzere kotere chidzathyoka tsiku lomwe mwakolekapo jekete yonyowa. Yang'ananinso nsonga ya tsamba. Chitsulo chikapitirira madigiri 1,300 pamoto chimayamba kuthetheka tinyenyezi, kutanthauza kuti chikupsa, ndipo nsongayo imatsala yokumbikakumbika ngati yadyedwa ndi chiswe. Ogulitsa ena amati ameneyo ndiye maonekedwe achilengedwe. Ndi chitsulo chopserera basi, ndipo dzimbiri limayambira pomwepo.

Mitsempha ya tsamba amaidinda ndi tchizulo chobuntha chitsulo chikadali chofiira, osalowa kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwake. Apa ndi pomwe tili ndi dandaulo ngakhale pa amisiri abwino. Ambiri amasula tsamba limodzimodzi chaka chonse: mzere pakati, timizere tinayi uku tinayi uko toyang'anizana ngati minga za chambo. Tsamba limenelo kulibe pamtengo uliwonse. Ntchito zomwe zimakoka maso ndi za munthu amene adathyola tsamba lenileni n'kuliika pambali pa chosulirapo: la mango lalitali lopindika pang'ono m'mphepete, la chinangwa la zala zake, la chitimbe logawanika pawiri ngati phazi la ng'ombe. Kupindika kwake amakupanga pomenyera tsamba lotentha pa chitsa cha mtengo, kuti mitsempha isafufutike. Likakhala lathyathyathya ngati supuni yopondedwa ndi galimoto, dziwani kuti gawo limeneli adalidumpha.

Duwa la rozi

Ili ndilo limagulidwa kwambiri, makamaka ku America ndi ku Britain komwe ena amapatsana mphatso yachitsulo banja likakwanitsa zaka 6. Labwino limakhala ndi phesi la mamilimita 6 kapena 8, lalitali masentimita 30 mpaka 35, ndipo lonse limalemera magalamu 200 mpaka 300. Timasamba ta duwa amatidula pa lata la milimita 1 kapena 1.2, zidutswa zinayi kapena zisanu zozungulira, chaching'ono masentimita 5 chachikulu 9 kapena 10, kuphatikiza kanyenyezi kokhala pansi penipeni. Tisanamizane, zidutswa zimenezi amisiri ambiri amagula zodulidwa kale ndi laser, ndipo sitikuwaimba mlandu. Chofunika ndi zimene achita nazo atagula. Mmisiri weniweni amamenya m'mphepete mwa kasamba kalikonse mpaka kupyapyale ndi kuchita timizere, kotero kuti duwa likatha m'mphepetemo mumapindikira kunja ngati mlomo. Waulesi amangotipinda mmene adatigulira, ndipo duwalo limaoneka ngati kabichi.

Polumikiza ndi pomwe pali nkhani. Kumutu kwa phesi amasulako phewa ndi kamsomali ka mamilimita 4 kapena 5, zidutswa zija n'kuzilowetsa motsatana, chilichonse chopotokako pang'ono kuti timasamba tisayang'anizane, kenaka kamsomaliko amakatenthetsa n'kukakhoma ngati riveti. Kamsomali ndi mabowo zikakhala zambali zinayi, duwa silizungulira mpaka kalekale. Zikakhala zobulungira, kapena riveti adaikhoma itazizira, timasamba timamasuka. Njira yoyesera n'njosavuta: gwirani phesi, gwedezani duwalo pafupi ndi khutu. Likalira ngati chisekese, libwezeni. Gwiraninso mutu ndi dzanja lina n'kuyesa kuupotola. Suyenera kusuntha ngakhale pang'ono.

Akatha kukhoma amatenthetsa timasamba kamodzikamodzi, kuyambira m'kati, n'kumatipinda ndi pulayala yamilomo yobulungira. Ta m'kati timakulungana zolimba mpaka riveti ija itabisika, takunja timatseguka. Mukasuzumira pamwamba n'kuona mutu wa riveti kapena kachotupa ka welding, ndiye kuti chidutswa choyamba chinali chachifupi kapena mmisiri adali pachangu. Pulayala yamano imasiya timizere ta mano ake pa kasamba kalikonse, ndipo utoto sutibisa.

Kodi welding n'njoletsedwa? Ayi. Masamba a pa phesi ambiri amawamata ndi kadontho ka welding n'kusalaza ndi tupa mpaka msoko usaoneke, ndipo ntchitoyo imalimba. Ena amakulunga phesi la tsamba kuzungulira phesi lalikulu likadali lotentha, zomwe n'zokongola kuposa. Chimene timakana ndi madontho osiyidwa choncho ngati zitosi za nkhuku, ndi timipira ta welding tomwazikira pa timasamba. Minga nayonso pa duwa labwino amaitukula ku phesi lomwelo ndi tchizulo, kenaka n'kuibunthitsa nsonga kuti isang'ambe nsalu yapatebulo. Ndipo pakati pa maluwa ochuluka omwe ali pamsika, ochepa okha ndiwo ali ndi tsamba la rozi lenileni, lamanomano m'mphepete, lokhala timasamba titatu kapena tisanu pa kaphesi kamodzi. Otsalawo ndi rozi wovala masamba a mango.

Pali mtundu wina wosula ku chitsulo chimodzi chokha: kumapeto amakutambasula ngati lamba, n'kudula timipata, n'kukulunga ngati mkeka. Mutu wake umakhala waung'ono, sufanana kwenikweni ndi rozi wa m'munda, koma palibe chomasuka kapena chothothoka. Wofuna chinthu choti ana azichigwiragwira asankhe umenewu.

Mmisiri wozolowera amatha maola awiri kapena atatu pa duwa limodzi, zidutswa zitadulidwa kale. Onjezanipo makala kapena gasi. Duwa lotchipa ngati mbale ya nsima ya pamsika silingakhale kuti lidadya maola amenewo.

Zopaka ndi dzimbiri

Chitsulo chikachoka pamoto chimakhala ndi makoko akuda. Osagwira bwino amayenera kuchoka ndi burashi yawaya, apo ayi amadzathothoka m'nyumba mwanu pamodzi ndi chilichonse chomwe adapakapo, n'kusiya mabala oyera omwe amachita dzimbiri sabata yomweyo. Chopaka chomwe timachiyamikira pa zinthu za m'nyumba ndi phula la njuchi losakaniza ndi mafuta a linseed (opaka matabwa) ndi turpentine (wosungunulira utoto) mofanana muyezo. Amapaka chitsulo chikadali chotentha moti phulalo likusungunuka ndi kufuka utsi pang'ono, osayaka. Chimatuluka chakuda mwakuya, chosanyezimira, ndipo nyundo iliyonse imaoneka. Akapaka chitazizira, phula limangokhala pamwamba, limamata m'manja ndi kukoka fumbi. Utoto wakuda wopopera uli ndi ntchito yake, koma umakwiriranso ming'alu ndi welding yoipa, choncho duwa lonyezimira ngati nsapato ya msilikali liyenera kuyang'anidwa kawiri.

Mtundu wagolide womwe mumauona m'mphepete mwa timasamba si utoto. Amakwecha ndi burashi ya mkuwa wachikasu chitsulo chitasiya kufiira koma chikadali chotentha, pa madigiri 300 mpaka 400, ndipo mkuwawo umatsalira pamwamba. Umakhalitsa bwino pansi pa phula. Mitundu ya buluu ndi yofiirira, yomwe imabwera yokha chitsulo choyera chikatenthedwa madigiri 280 mpaka 300, n'njopyapyala kwambiri. Zala zimaifufuta pakapita miyezi, ndiye musalipire ndalama zoonjezera chifukwa cha iyo ngati chinthucho n'chogwiragwira.

Phula si la panja. Duwa ndi kapu, madzi amakhazikika m'kati mwake pomwe pali riveti, ndipo mvula ya miyezi iwiri imakwana kulidya. Ngakhale m'nyumba, komwe kuli chinyontho monga ku Mulanje ndi ku Thyolo nthawi ya chiperoni, m'mbali mwa nyanja, kapena ku Durban ndi ku Cape Town komwe mphepo ili ndi mchere, muyenera kupakanso kawiri pa chaka: ku Malawi kuno, mu Novembala mvula isanayambe, ndi mu Epulo ikatha. Dzimbiri likayamba, kwechani ndi steel wool (ulusi wachitsulo wokwechera) yosalala ya nambala 0000, tenthetsani chitsulocho padzuwa la masana, pakani phula pang'ono, pukutani. Musaliike m'vazi ya madzi pamodzi ndi maluwa enieni. Kansalu kopukutira mafuta a linseed musakaunjike m'ngodya, kamatha kutentha kokha mpaka kuyaka. Kayanikeni panja kotambasula kapena kavikeni m'madzi.

Ndolo zamkuwa

Pa mkuwa ndi siliva mawu oti kusula amatanthauza zosiyanako. Zitsulo zimenezi amazimenya zozizira, moto umangobwera kudzazifewetsa. Mkuwa ukamenyedwa umalimba, ndiye wosula amautenthetsa mpaka ufiire pang'ono, madigiri 600 mpaka 700, n'kuuviika m'madzi, ndipo umabwerera kufewa ngati dothi. Nyundo, moto, madzi, nyundo, maulendo angapo.

Ndolo zamasamba zabwino kwambiri pamsika amazipanga ndi njira yopinda, yomwe Charles Lewton-Brain, mmisiri wa ku Canada, adaikhazikitsa m'zaka za m'ma 1980. Amatenga lata lamkuwa la mamilimita 0.4 kapena 0.5, n'kulipinda pawiri ngati kalata, n'kudula theka la tsamba, mopinda muja kukhala pamsana. Kenaka amamenya mbali imodzi ndi nyundo yopyapyala, nyundo iliyonse moyandikana ndi inzake. Mbali yomenyedwayo imatalika, kachidutswako n'kukhota ngati chikwakwa. Akafewetsa pamoto amatsegula ndi mpeni wobuntha, ndipo limatuluka tsamba lokhala ndi msana wotukuka, timizere tonga mitsempha mbali zonse ziwiri, lopotoka lokha ngati tsamba louma la m'chilimwe. Kuseri kwake kuli ngalande yotsatira msanawo. Lodinda ndi makina kuseri kumakhala kosalala, kapena ndolo ziwirizo zimafanana kadontho ndi kadontho. Zapamanja zimafanana ngati ana a mimba imodzi, osati mapasa.

Zolakwika zake ndi izi. Wosula akatsegula asanafewetse, kapena akamenya pamsana mopitirira, msanawo umang'aluka. Yang'anirani ndoloyo kudzuwa, kuwala kukadutsa pamsana ndiye kuti yatha. M'mphepete momenyedwa mumatha kupyapyala ngati lezala, ndipo mmisiri amayenera kumusalaza ndi tupa ndi sandipepa ya 400 kenaka 600. Yendetsani ndoloyo pa nsalu yopyapyala, ikakola ulusi idzakolanso tsitsi ndi khosi. Kabowo kokolekera kasakhale pafupi ndi mphepete kuposa mamilimita awiri. Mkuwa ukachoka pamoto amautsuka m'viniga wofunda wothira mchere, kapu imodzi ya viniga supuni imodzi yaikulu ya mchere, kenaka n'kuutsukuluza m'madzi a soda. Akadumpha soda, asidi amatsalira m'ngalande ija ndipo pakatha masabata mumatuluka zobiriwira zonga ufa.

Kulemera kuwerengereni nokha. Tsamba la mamilimita 45 m'litali ndi 18 m'lifupi, la lata la 0.5, limalemera pafupifupi magalamu 2.5. Lomwelo pa lata la milimita imodzi limafika magalamu 5, ndipo khutu limayamba kudandaula pofika madzulo. Ogulitsa amakonda kunena kuti kulemera ndi umboni wa ntchito yabwino. Pa ndolo si choncho.

Chomwe chimagwetsa ndolo zambiri zokongola ndi kawaya kolowa m'khutu. Mmisiri amatha maola pa tsamba, n'kukolekapo kawaya kogula m'paketi, kokutidwa ndi nickel. Nickel ndiye amachititsa makutu ambiri kuyabwa, kutupa ndi kutuluka madzi. Malamulo a ku European Union amalola mamaikulogalamu 0.2 okha pa sikweya sentimita pa sabata kuchokera ku chitsulo cholowa m'bowo la khutu, ndi 0.5 ku chokhudza khungu nthawi yaitali, koma tiwaya totchipa tambiri sitidayezedwe ndi munthu. Funsani kawaya ka siliva wa 925 (wa magawo 92.5 pa 100 a siliva weniweni), ka titanium kapena ka niobium, konenepa mamilimita 0.8, nsonga yake yobulungitsidwa. Kamkuwa kasalowe m'khutu. Mukamva mawu oti German silver, nickel silver kapena alpaca, dziwani kuti mulibe siliva ngakhale kadontho: ndi mkuwa, zinc ndi nickel.

Mkuwa umasintha mtundu, ndipo umasiya zobiriwira pakhungu ukakumana ndi thukuta. Si matenda, zimachoka ndi sopo. Amisiri ena amapaka vanishi kuti aletse zimenezi, koma vanishi akayamba kusupuka ndoloyo imachita mawangamawanga oipa kuposa kuda kwachibadwa. Phula lopyapyala ndilo labwino, kaya la njuchi kaya Renaissance Wax, lomwe adalikonza ku British Museum m'zaka za m'ma 1950. Mandimu ndi mchere zimawalitsa mkuwa nthawi yomweyo, koma zimachotsanso kuda komwe mmisiri adakuika dala m'mitsempha kuti tsamba lioneke, ndiye pukutani pamwamba pokha ndi kansalu kouma.

Zibangili ndi siliva

Chibangili chotseguka chimasulidwa ku waya wamkuwa wa mamilimita 4 mpaka 6, wautali masentimita 15 kapena 16 pa mkono wapakatikati, n'kusiya mpata wa masentimita 2.5. Kumapeto konse kuwiri amakukoka kuti kuwonde kapena kukhale timasamba. Akatha kufewetsa komaliza amayenera kuchimenyanso pang'ono kuti chilimbe. Chikamapindika ndi zala ziwiri ngati waya wa mpanda wa nkhuku, gawo limeneli silidachitike. Povala, lowetsani mpatawo cham'mbali pomwe mkono uli wowonda n'kutembenuza. Kutsegula ndi kutseka tsiku lililonse kumalimbitsa pakati pa chibangili mpaka kudzathyoka. Zonena zoti chibangili chamkuwa chimachiza nyamakazi musazilipirire: kafukufuku wa ku University of York wa mu 2013 pa odwala nyamakazi sadapeze phindu lililonse.

Waya wamagetsi ndi mkuwa woyera bwino, ndipo n'chifukwa chake amisiri amaukonda, komanso n'chifukwa chake akuba amagwetsa mathiransifoma. Si mwano kufunsa komwe mkuwa udachokera. Mkuwa wachikasu wochokera ku mipopi yakale ndi makiyi uli ndi mtovu, umang'aluka pomenya ndipo suyenera kukhala pakhungu. Mphete ndi zibangili za mild steel n'zokongola pachithunzi, koma thukuta limazichititsa dzimbiri mwezi usanathe.

Siliva wa 925 ndi magawo 92.5 pa 100 a siliva ndi 7.5 a mkuwa. Maginito samugwira, koma samagwiranso mkuwa wokutidwa ndi siliva, ndiye mayeso amenewo amangogwira mbava zaulesi. Chidindo cha 925 chokha aliyense akhoza kuchigula n'kudinda. Ogula ku Britain ali ndi chitetezo: lamulo la 1973 limafuna kuti chinthu chogulitsidwa ngati siliva, cholemera magalamu 7.78 kapena kuposa, chidindidwe ndi ofesi yoyeza zitsulo, ya ku London yokhala ndi mutu wa kambuku, ya ku Birmingham nangula, ya ku Edinburgh linga, ndi ya ku Sheffield yomwe chizindikiro chake ndi duwa la rozi. Ndolo zambiri sizifika kulemera kumeneko, zibangili zimafika. Pa siliva wosula yang'anani mawanga otuwa ngati mtambo pansi pa kuwala. Amabwera siliva akakhalitsa pamoto, mkuwa wa m'kati n'kupsa, ndipo sachoka ndi kupukuta.

Zothira m'chikombole ndi ziboliboli zikuluzikulu

Si chilichonse chokongola chomwe n'chosula. Njovu, ng'ona ndi ngaka zasiliva za Patrick Mavros wa ku Harare amaziumba ndi phula kaye, kenaka n'kuthira siliva wosungunuka m'chikombole, ndipo ndi ntchito yapamwamba yomwe nyundo singaifikire pa tinthu ting'onoting'ono monga mamba. Chachinyengo ndi kugulitsa chothira m'chikombole pa dzina la chosula. Mumachizindikira ndi kamzere ka msoko m'mbali, timabowo tonga ta singano, ndi zipsera za nyundo zomwe zili malo amodzimodzi pa zinthu khumi. Masamba ndi mikondo yomwe owotcherera mageti amagula yopangapanga m'mahadiweya ndi ya gulu lomweli. Mbalame zachitsulo chotola zomwe amisiri a ku Zimbabwe amagulitsa m'mbali mwa misewu mpaka ku Johannesburg ndi luso la welding, ndipo ziweruzidwe ndi muyezo umenewo: kodi miyendo yagwira, kodi nthenga zasalazidwa.

Wofuna kuona komwe kusula kungafike ayang'ane zithunzi za ntchito ya Albert Paley wa ku America, yemwe adayamba ndi zodzikongoletsera asanasule mageti a nyumba yoonetsera zaluso ya Renwick Gallery ku Washington mu 1974, n'kudzapanganso chiboliboli chachikulu cha nyama ndi zomera pakhomo la Saint Louis Zoo mu 2006. Pa mageti aja chitsulo chimawonda pang'onopang'ono kuchokera kutsinde kupita kunsonga monga imachitira nthambi, ndipo muyezo womwewo ndiwo mugwiritse pa chiboliboli cha pabwalo panu. Mtengo wachitsulo womwe nthambi zake zonse ndi R8 yosawondetsa umaoneka ngati eriyo ya wailesi yakanema. Cha panja chikhale chokutidwa ndi zinc kapena chopakidwa utoto woyamba wa zinc ndi ina iwiri pamwamba, chikhale ndi mabowo a mamilimita 6 paliponse pomwe madzi angakhazikike, ndipo maluwa amkuwa asakhudzane ndi phesi lachitsulo popanda utoto pakati, chifukwa zikanyowa mkuwa umafulumizitsa dzimbiri la chitsulocho pomwe zakumanapo.

Poitanitsa

Pogula pa intaneti pemphani zithunzi zitatu zomwe sizikhala pa tsamba la malonda: kuseri kwa tsamba, pakhosi chapafupi, ndi pansi pa duwa. Funsani kulemera m'magalamu, chitsulo cha kawaya ka m'khutu, ndi chomwe adapaka. Wosula weniweni amayankha mosavuta, nthawi zina n'kuonjezapo kanema wa pachipala.

Mukafuna kupangitsa kwanu konkuno, munthu woyenera kumufikira ndi wosula makasu ndi nkhwangwa amene ali ndi mvukuto kapena chopemerera cha gudumu la njinga, chifukwa nyundo ndi mtundu wa moto amazidziwa kale. Wowotcherera mageti adzathamangira gulayinda ndi welding. Mutengereni R8 kapena R10 yatsopano ndi tsamba lenileni la mtengo womwe mukufuna, ndipo mugwirizane kuti loyamba n'loyesera. Timasamba ta duwa tichokere ku lata lakuda la m'hadiweya. Malata a denga asalowe pamoto: zinc wokutirayo amawira pa madigiri 907, n'kutulutsa utsi woyera womwe umagwetsa munthu ndi kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya m'thupi usiku womwewo. Ponyamula, kulungani mutu wa duwa ndi nyuzipepala youma, phesi mulimangirire ku katoni m'malo awiri kuti mutuwo usagunde m'mbali, ndipo musalitsekere m'pulasitiki masiku ambiri, chifukwa chinyontho chimaunjikana momwemo n'kufika lili ndi mawanga ofiira. Pa ndege liikeni m'chikwama chachikulu chopita pansi, chifukwa phesi losongoka la masentimita 35 akhoza kukulandani pachipata.